Malaya Awiri a Efraimu

Kalata yomuitana ku ntchito idamupeza Hilda atakhala pamphasa ya maliro, patatha masiku asanu ndi anayi chisowereni mwamuna wake panyanja. Adabwera nayo ndi balozi, mkulu wa nyumba khumi wa pagombepo. Bamboyo adaima pakhomo, kuyang'ana amayi amene adazungulira namfedwayo, n'kusowa choyamba, kupepesa kapena kuyamikira. Mapeto ake adangoiika pamphasa n'kutuluka chambuyo.

Hilda sadaikhudze n'komwe. Adaitsegula ndi mayi Dorotea, nesi wopuma pantchito amene adamuphunzitsa uzamba zaka ziwiri ku chipatala cha mishoni ku Liuli. Kalatayo idalembedwa m'Chiswahili chouma cha m'maofesi. Ndugu Hilda adasankhidwa kukhala mzamba pa zahanati, kachipatala katsopano ka mudzi wa ujamaa, umodzi wa midzi imene boma lidasonkhanitsamo anthu, kumapiri a ku Mpepo, ndipo akayambe ntchito pa 1 Ogasiti chaka chomwecho cha 1975. Mayi Dorotea atamaliza kuwerenga, amayi aja adalira mokweza kuposa poyamba, pakuti onse ankamudziwa munthu amene adaifunitsitsa kalata imeneyi.

Munthuyo adali Efraimu. Iye adali wa ku Likoma, mmisiri wa mainjini, wolankhula ngati wadya tsabola. Adabwera tsidya lino kudzakonza injini imodzi, n'kuona Hilda, mwana wa amalonda a nsalu amene adachoka ku Malawi kalekale ndipo onse awiri adagona m'manda a pomwepo. Basi, ulendo wobwerera kwawo udathera pamenepo. Kalata yofunsira ntchito adakaiponya yekha ku positi ya Mbamba Bay, wapansi, akuuza aliyense wokumana naye kuti mkazi wake adzalandira ana a ku Mpepo konse, iye azikakonza zigayo kumeneko. Anthu ankamuseka kuti akuvinira nyimbo isanayambe.

Tsiku lina m'mawa mwezi wa Juni adamaliza kukonza injini ya boti la ushirika, bungwe la asodzi, boti la injini lokhalo pagombe lonselo. Adavula malaya ake a ntchito, kuwakoleka pathandala loanikira usipa, n'kuuza Hilda kuti akukayesa injiniyo, angozungulira mwala wa pafupi ndi gombe, tiyi asazizire. Dzuwa lisanafike pamutu mwera udadzuka. Amuna adafunafuna masiku asanu ndi limodzi mpaka ku Liuli, koma nyanja sidabweze kanthu: boti ayi, nkhafi ayi, mtembo ayi.

Tsono apa m'pamene padali mfundo. Mkazi woferedwa sachoka pamudzi mpaka abale a mwamuna atabwera kudzamumeta ndi kumusudzula. Ndiponso, kufikira tsiku limenelo, sakhudza khanda, chifukwa anthu amati imfa ikadali m'manja mwake. Ansembe adalalikapo za zimenezi mpaka mawu kusasa, koma ulaliki wina umathera pakhomo la tchalitchi pomwepo. Hilda akadakhala mphunzitsi kapena kalaliki, mwina akadangomanga mpango wakuda n'kupita. Koma mzamba? Ndi mayi uti akadapereka mimba yake kwa namfedwa wosameta?

"Boma silikhuza maliro, mwanawe," adatero mayi Dorotea, akupukuta magalasi awo ndi m'mphepete mwa nsalu. "Komabe tiyese. Tipemphe kuti atisunthire tsiku, alamu ako afike kaye."

Adalemba kalata yabwino, yaulemu, yofotokoza zonse. Yankho lidabwera patatha masabata atatu. Ofesi ya zaumoyo kumtundako idapepesa ndi mzere umodzi, n'kusunthira tsikulo pa 1 Okutobala.

Masiku amenewo maboma awiri a mbali ziwiri za nyanja sankamwerana madzi, ndipo kuwoloka chindunji kudali kudziputira mavuto. Uthenga wa maliro udayenda ndi amalonda, pakamwa ndi pakamwa. Pakati pa Seputembala ndi pamene adatulukira Fexon, mkulu wake wa Efraimu. Adayenda masabata awiri, pena pabwato, pena wapansi kutsata gombe la ku Mozambiki, mapazi atang'aluka ngati dambo louma. Adali munthu wosiyana kutalitali ndi mng'ono wake, wa mawu owerengeka. Atalira, atamwa madzi, adatulutsa m'thumba lezala latsopano lokulunga m'pepala n'kuliika pamphasa.

"Amayi akuti musavutike nthawi yaitali, alamu," adatero. "Akuti mudawasamalira mwana wawo, ndipo alibe nanu chifukwa. Za ntchito yanu ndamva. Tifulumize, mukayambe pa tsiku lake."

Hilda adawomba m'manja mothokoza.

"Koma munthu sameta popanda manda," Fexon adapitiriza, maso ali pansi. "Mukudziwa mmene timachitira nyanja ikakana kubweza munthu. Tidula thunthu la nthochi, tilikulunga m'malaya ake, tiliika m'manda ngati mwiniwake. Malayawo mupereke ndinu, ndi manja anu. Akatenga wina, ndiye kuti sitinachite kanthu."

Efraimu adasiya malaya awiri okha ooneka. Ena adali oyera, a ku tchalitchi, opindidwa m'bokosi. Ena adali a ntchito aja adawakoleka pathandala, ong'ambika pachigongono, onunkha dizilo ndi thukuta. Amenewa Hilda sadawachape. Ankawasunga kumutu kwa mphasa yake, ndipo palibe amene ankadziwa kuti masana ena, m'nyumba mukakhala mopanda anthu, ankaphimba nawo nkhope.

"Alamu," adatero Hilda, "mtembo mudauona?"

"Ayi."

"Nanga boti?"

"Ayi, alamu."

"Ndiye malaya a munthu wamoyo ine sindikwirira."

Musafulumire kunena kuti mkaziyu chisoni chidamuzunguza mutu. Hilda adali ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chinkayenda ndi miyendo iwiri pagombe pomwepo. Dzina lake adali Hilario.

Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, mwera womwewu udatenga Hilario ndi bwato lake n'kukamutaya kutsidya. Kumeneko, poti adalibe chiphaso, adamutsekera miyezi isanu ndi iwiri popanda wotumiza uthenga kwawo. Kuno abale ake adadikira, kutopa, kudula nthochi, kuika maliro, kumeta mkazi wake. Mkaziyo adakwatiwa ndi munthu wa ku Liuli. Tsiku lina Hilario adangotulukira, wowonda, akumwetulira, manja atatambasula. Anthu adathawa kusiya madengu a nsomba pamchenga. Ansembe adamupempherera, manda adawasalaza, koma kodi mitima ya anthu imasalazika ndi khasu? Kuyambira pamenepo palibe ankadya naye m'mbale imodzi, palibe ankakwera naye bwato. Ana ankamutcha Woikidwa. Ankakhala yekha m'kanyumba kumapeto kwa gombe, akusoka makoka a anthu omwewo amene ankamusiyira ntchitoyo pamwala n'kuchoka msangamsanga. Ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi iwo, koma pabenchi pake pankakhala malo a anthu atatu opanda wokhalapo.

Hilda ankati akamuona Hilario akudutsa, ankaganiza za mwamuna wake. Efraimu, munthu wosatha kudya popanda womuseketsa, adzakhale choncho? Adzabwere akumwetulira, ana n'kumuthawa, ndipo woyambitsa zonsezo akhale mkazi wake, ndi manja ake?

Okutobala atayandikira, adapita kwa mayi Dorotea ndi pepala ndi envulopu.

"Ndilembenso chiyani?" adakalipa mayiwo. "Alamu ako adafika, lezala lilipo. Ine bodza sindilemba, ndakalamba."

"Lembani kuti mwambo sunathe, amayi. Limenelo si bodza."

"Wausunga ndani kuti usathe? Iwe Hilda, ndidakuphunzitsa ndekha. Manja ako amamva mwana mmene wagonera ngati akumuona ndi maso. Atsikana angati adafunsira malo amenewa? Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwanawe. Udzatsala ndi chiyani pano? Makolo ulibe, mwana ulibe, munda ndi ka mchenga aka. Udzakalamba ukuanika usipa wa eni ake."

"Hilario adabwera patatha miyezi isanu ndi iwiri," Hilda adayankha motsitsa mawu. "Ine ndadikira itatu yokha."

Mayi Dorotea adamuyang'ana, mkwiyo uja n'kuwathera. Adatenga cholembera akupukusa mutu.

Yankho la ulendo uno lidabwera msanga, ndipo lidalibe mzere wopepesa. Tsiku lidasunthidwa komaliza kufika pa 1 Disembala. Akapanda kuonekera tsiku limenelo, malowo apatsidwa kwa wina. Hilda adawerenga miyezi ndi zala: Disembala udali wachisanu ndi chimodzi ukungoyamba kumene. Sudafike pa isanu ndi iwiri ya Hilario.

Fexon sadabwerere kwawo, pakuti akadakawauza chiyani amayi ake? Ankagona kwa balozi, masana n'kumathandiza asodzi kukoka makoka. Sabata iliyonse ankabwera, kukhala pakhonde, kufunsa za moyo, kudikira pang'ono, n'kunyamuka osatchula malaya. Koma mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri, nayenso mtima udayamba kumuthina.

"Alamu, mvula ikubwera, ndipo munda wanga kwathu uli thengo," adatero tsiku lina. "Inenso ndi mng'ono wanga, ndidamubereka kumsana. Mukuganiza kuti ndikufuna kudula nthochi imeneyo? Koma mapanga awiri avumbwitsa. Ntchito muitaya, ndipo iyeyo sabwera."

"Mwadziwa bwanji kuti sabwera?"

Fexon adangotola chipewa chake.

M'mawa uliwonse Hilda ankatsikira kugombe kukachingamira mabwato. Akamva kuti kwafika wamalonda wochokera kumpoto kapena kutsidya, ankamulondola mpaka kumupeza: kodi simudamveko za munthu wamfupi, wa mpata kumano, wodziwa mainjini, wotsekeredwa kwinakwake? Anthu a pagombe lija, Mulungu awakhululukire, pakamwa sipauma. Ena ankati akudzionetsa, ena ankati akuopa kumapiri kozizira, ena mpaka kunena kuti wakonda alamu akewo n'chifukwa akuwachedwetsa. Iye zonsezo ankazimva, n'kumangomanga mpango wake wakuda pa tsitsi limene lidali litapotana kale.

Zidachitika pakati pa Novembala, dzuwa lili paliwombo, mchenga ukuotcha mapazi. Njira yochokera kumapiri inkatsikira kuseri kwa nyumba ya Hilda, pamene padali mtengo waukulu wa mango. Iye akusenda chinangwa pakhonde adamva kubuula, kubuula kumene mzamba aliyense amakuzindikira ngakhale ali m'tulo. Adaponya mpeni n'kuthamangira kuseriko.

Amuna anayi adali atatsitsa machira pamthunzi, thukuta lili kamukamu. M'machiramo mudali mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi zinayi, milomo itauma, maso atalowa. Pambali pake padagwada mayi wachikulire. Mmodzi wa amunawo, wamtali, wa malaya ong'ambika paphewa pamene padagona mtengo wa machira, adafotokoza mwaphuma m'Chiswahili. Dzina lake adali Wilbard, mkazi wakeyo Gaudensia, mayi achikulirewo amayi ake a Wilbard. Matenda adayamba dzana. Adanyamuka kumapiri dzulo m'bandakucha, ndipo ankafuna boti la injini liwathamangitsire ku Liuli.

"Boti la injini kulibe," Hilda adatero. "Ndipo pabwato safika. Nthawi yakwana. Amuna pitani uko. Wina akaitane mayi Dorotea, nyumba ya malata pafupi ndi tchalitchi."

Wothamangayo adabwerera yekha. Mayi Dorotea adali atapita ku msonkhano wa amayi a mpingo ku Liuli.

Hilda adali atasamba kale m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Adagwada, kutambasula manja. Apo mayi achikulire aja adakweza maso, kuona mpango wakuda, kuona tsitsi lopotana likusuzumira m'mphepete, ndipo adadziponya pakati ngati nkhuku yoteteza anapiye.

"Ayi! Ndinu namfedwa inu. Simunamete."

"Ndine mzamba, amayi. Ndidaphunzira. Mwanayu watsogoza miyendo, ndiloleni."

"Mdzukulu wanga woyamba alandiridwe ndi manja a maliro? Ayi, mayi, pepani, ayi!"

Hilda adayang'ana amayi a pagombe amene adali atasonkhana ndi nsalu zotchingira. Adayembekeza kuti wina anena mawu amodzi okha. Onse adayang'ana pansi. Ngakhale Gaudensia mwiniwake, mu ululu wonsewo, adakokera miyendo yake kutali ndi manja aja.

Ndiye Hilda adachita chimene chidatsala. Adabwerera m'mbuyo mapazi atatu, kupinda manja kumsana kuti asamupandukire, n'kuyamba kulangiza ndi pakamwa. Musakoke, amayi, musakoke, dikirani thupi litsike lokha. Lowetsani chala apo, mupeze kamkono, mukatsitse chakutsogolo. Osati uko! Mbali inayo! Mayi aja ankayesetsa ndithu, misozi ili chuchuchu, koma manja awo adazolowera khasu, ndipo zimene manja a Hilda akadachita m'kamphindi zidawatengera nthawi yoti munthu n'kuphika ndiwo. Mutu udachedwa. Hilda ankawerenga mumtima, ndipo adadziwa nthawi imene kuwerengako kudapitirira malire.

Adali mwana wamwamuna, wamkulu bwino, tsitsi lambiri. Sadalire.

Gaudensia adapulumuka. Amayi adamulowetsa m'nyumba ya oyandikana nawo, kanthu kaja n'kukakulunga m'nsalu. Hilda adatsala pansi pa mango, manja akadali kumsana, ataiwala kuwamasula. Wilbard adabwera n'kukhala pamuzu, kuyang'ana mapazi ake otupa. Sankamudziwa mkazi amene adaima pambali pakeyo. Kwa iye adali mayi wachifundo wa m'mbali mwa njira, basi.

"Mwayesetsa, mayi, Mulungu akudalitseni," adatero. Kenaka mawu adangotuluka okha. "Chikundiwawa n'chakuti zahanati tili nayo. Adatisamutsa kumapiri kwathu kutiika pamzere, ife osakana. Adati umbani njerwa, tidaumba. Ine ndemwe ndidakhoma denga. Bedi lilimo, nyumba ya mzamba ilipo, mkazi wanga ndi amene adazira pansi pake ali ndi mimba yomweyi. Adatiuza kuti mzamba afika Ogasiti. Kenaka Okutobala. Tsopano akuti Disembala. Akuti ali ndi zifukwa zake." Adapukuta kumaso ndi chikhatho. "Kaya ndi ndani mayi ameneyo, ine sindimutemberera. Koma ndikadakonda akadaona nsalu ija mmene yachepera."

Amayi awiri a pagombe amene adali pafupi adamva zonse. Kwa nthawi yoyamba chibadwire chawo, adatseka pakamwa.

Hilda akadanena chiyani? Ankadziwa chimene Wilbard sankadziwa: mwana wogona choncho iye akadamuzindikira mwezi wathawo pongogwira mimba, n'kumutembenuza pabedi lija, kapena kutumiza mayiyo ku Liuli akuyenda yekha ndi miyendo yake. Adalowa m'nyumba, kutseka chitseko, n'kulira kulira kumene sadalire ngakhale pa tsiku la mwera. Adalirira mwana wa eni ake, adalirira Efraimu, ndipo adadzida yekha kwambiri.

M'mawa mwake adakoleza makala, kuwaika m'simbi, kutulutsa malaya oyera aja m'bokosi. Adawasita mosamala, kolala, manja, m'mbali mwa mabatani, monga ankachitira Loweruka lililonse. Adawapinda, kuwakulunga m'nsalu yoyera, n'kuyenda gombe lonse anthu akuona mpaka ku kanyumba ka kumapeto.

Hilario adali pamchenga, khoka lili pamiyendo. Ataona kuti mkaziyo sakuima patali monga ankachitira ena, adadzidzimuka n'kufuna kuimirira. Hilda adagwada pafupi, pafupi penipeni.

"Bambo Hilario, ndabwera ndi pempho. Ndikupita kukapereka malaya kwa alamu anga. Ndikupita kumapiri kukayamba ntchito."

"Ndamva za dzulo, mayi. Pepani."

"Akadzabwera," Hilda adatero, "akadzabwera mwamuna wanga ine kulibe, anthu adzathawa. Inu mukhale woyamba kumuchingamira. Mumugwire dzanja. Mudye naye m'mbale imodzi, chifukwa payekha sadya, amangoseweretsa chakudya. Mumuuze kuti ndidadikira mpaka pamene ndikadathera. Kenaka mumulozere njira ya ku Mpepo. Ine sindidzathawa."

Hilario adayang'ana nyanja nthawi yaitali.

"Zaka zisanu ndi chimodzi," adatero, "palibe adandipemphapo kanthu koposa kusoka khoka." Adaika khoka lija pansi. "Ndidzadya naye, mayi. Ngakhale ndiwo zitakhala za mchere wokha." Kenaka adaseka pang'ono, kuseka kopanda mano ambiri. "Mukudziwa chimene chidandiwawa nditafika? Manda ndidawaona, ndidangoti chabwino. Koma adakwirira malaya anga abwino okhawo. Lamulungu loyamba ndidalowa m'tchalitchi ndi chiguduli cha kundende."

"N'chifukwa chake ndabweretsa awa," Hilda adatero, akumupatsa mtolo uja ndi manja awiri. "Mumusungire. Adzavale polowa m'tchalitchi."

Atachoka apo adabwerera kunyumba, kutenga malaya a ntchito aja kumutu kwa mphasa. Adaima nawo pakati pa nyumba. Fungo lidali litayamba kuchepa, koma lidalimo, dizilo, thukuta, ndi utsi wa fodya amene mwiniwake ankalumbira kuti adasiya. Adaphimba nawo nkhope komaliza, nthawi yaitali ndithu. Kenaka adapita kwa balozi, kugwada pamaso pa Fexon, n'kuwapereka ndi manja ake.

Fexon adawatembenuza, kuona chigongono chong'ambika, madontho akuda a mafuta.

"Alamu, awa? Osachapa? Anthu adzati chiyani? Adalibe ena abwino?"

"Ndi amenewa ali ndi iye," Hilda adayankha. "Enawo ali ndi sopo yekha."

Fexon adawayandikitsa kumphuno. Munthu wa mawu owerengeka uja adatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Adaika maliro Lachisanu. Thunthu la nthochi adalinyamula amuna anayi ngati lolemera, ansembe adawerenga mapemphero, amayi adaimba. M'mawa mwake, pansi pa mango womwe uja, Fexon adamasula lezala m'pepala lake, kudula tsitsi loyamba, mayi Dorotea n'kumaliza kumeta. Tsitsi lopotana lija lidagwera pansalu, ndipo Fexon adanena mawu a amayi ake pamaso pa anthu: mkaziyu alibe mlandu ndi banja lathu, apite kumene afuna. Mphepo idamuzizira Hilda m'mutu. Sadamve kumasuka kulikonse. Adangomva ngati wasiya munthu panjira.

Adanyamuka kutatsala masiku awiri kuti Disembala ayambe, wapansi, bokosi lili pamutu wometawo, mayi Dorotea atamuperekeza mpaka patsinde pa phiri. Pokwera sadacheuke kuyang'ana nyanja kufikira njira itakhota. Pa 1 Disembala m'mawa adaima pakhomo la zahanati. Katibu, mlembi wa mudzi, adatumiza munthu kuti akabwere ndi kiyi, ndipo wobwera nayo adali amene adakhoma denga.

Wilbard adayang'ana nkhope, kuyang'ana mutu wometa, kuyang'ananso nkhope. Adamuzindikira. Hilda sadazembe maso ake.

"Ndine mzamba uja," adatero. "Nsalu ija ndidaiona."

Wilbard adaima nthawi yaitali, kiyi ili m'manja. Kenaka adatsegula chitseko, kunyamula bokosi la Hilda, kulilowetsa, n'kutuluka. Patatha chaka ndi miyezi ingapo adabweranso pakhomo lomwelo atatsogoza Gaudensia, ndipo ulendo umenewo mwana adalira.

Hilda adagwira ntchito kumeneko zaka makumi awiri ndi mphambu zitatu. Sadakwatiwenso. Anthu a ku Mpepo ankati ndi mzamba wabwino koma wodabwitsa, chifukwa akamva kuti kwabwera mlendo wochokera kunyanja, ankasiya chilichonse chimene sichidali mimba n'kutuluka kukamuona nkhope.

Hilario adamwalira chaka chachisanu ndi chinayi Hilda ali kumapiri. Amayi a mpingo atalowa m'kanyumba kake kufuna chomuveka, adapeza zovala zake zonse zili zigamba zokhazokha. Koma pansi pa bokosi padali mtolo wa nsalu yoyera, m'kati mwake malaya oyera ositidwa bwino, opanda ndi kadontho komwe. Wina adati amuveke amenewo. Mayi Dorotea, atakalamba kale, akuyenda ndi ndodo, adawalanda n'kuwakulunganso.

"Asiyeni," adatero. "Ali ndi mwini wake."